Sitima yaimanso pakati pa njira: ndigule tikiti ya mwezi kapena ndibwerere ku matakisi?

Mai a Chisomo (Gugulethu)
Moni nonse a pagulu pano. Ndalemba mtima ukundiwawa. Lero ndinakwera sitima pa siteshoni ya Nyanga kuno ku Cape Town 6 koloko isanakwane monga mwa masiku onse. Titangodutsa Langa inayamba kuyenda pang'onopang'ono, kenako zii, yaima. Palibe siteshoni pafupi, uku mpanda uku tchire. Tinakhala pamenepo kupitirira ola. Anatiuza kuti akuba adula nthambo usiku, ndiye dalaivala akudikira chilolezo kuti apitirire. Pofika pa Salt River ndinapeza ya ku Claremont itapita kale. Ndalowa pageti la abwana 9 koloko itadutsa, ana awo atapita okha kusukulu. Mayiwo sanafune kumva zambiri, andidula theka la tsiku.

Mwezi ukutha uwu. Ndimafuna kugula tikiti ya mwezi chifukwa imandisiyira kangachepe kotumiza kwa amayi ku Ntcheu. Koma ntchito ikandithera chifukwa chochedwa, ndalama ndasungayo ipindula chiyani? Ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene mwakhalitsa kuno.

Nambewe wa ku Delft
Pepani achemwali. Theka la tsiku ndi ndiwo za sabata imeneyo. Koma mwachita bwino osatsika.

Mai a Chisomo (Gugulethu)
Ena amafuna kutsika ndithu, anyamata awiri amakankha chitseko. Amayi ena achikulire a Chixhosa ndi amene anawakalipira mpaka anasiya.

Agogo a ku Limbe
Mwana wanga, pepa ndi zimene zakuonekerazi. Ndilole ndifotokoze pang'ono, chifukwa ndinagwirapo ntchito ya njanji kumudzi zaka zambiri ndisanabwere kudzakhala ndi ana kuno ku Bellville.

Sitima si minibasi yoti dalaivala amaona yekha kutsogolo n'kupatuka. Ndi yolemera, ndipo kuti iime imafuna mtunda wautali. Ndiye njanji anaigawa m'zigawo, ndipo lamulo lake ndi lakuti m'chigawo chimodzi musakhale sitima ziwiri. Amene amauza dalaivala kuti kutsogolo kulibe mnzake ndi masiginolo, magetsi ofiira ndi obiriwira mumawaona m'mbali mwa njanji aja. Masiginolowo amalumikizana ndi nthambo za mkuwa zokwiriridwa pansi. Wakuba akadula kachidutswa kotalika ngati nkhuni imodzi, chigawo chonse chimachita khungu.

Zikatero dalaivala saloledwa kuyenda mwa nzeru zake. Amaima, n'kulankhula ndi woyang'anira kayendedwe ka sitima amene ali ku ofesi, ndipo iyeyo amamupatsa chilolezo chapakamwa, sitima imodzi imodzi, kuyenda mwapang'onopang'ono. Ngati patsogolo panu panali sitima zitatu, inu ndi achinayi pamzere. Ola lanu lija linathera pamenepo.

Ndikudziwa kuti kudikira kumapweteka. Koma ine dalaivala amene waima n'kudikira ndimamulemekeza. Mu Januwale 2018 pa Geldenhuys ku Germiston sitima ina inagunda inzake kumbuyo, anthu oposa 200 anavulala. Chaka chotsatira, mu Januwale 2019, pa Mountain View ku Pretoria zinachitikanso chimodzimodzi, ndipo kumeneko anthu anafa. Ngozi ziwiri zonsezi zinachitika sitima zikuyenda ndi chilolezo chapakamwa chomwechi. Munthu mmodzi akangolakwitsa kumva kapena kunena, basi.

Chimwene Wa Ku Mangochi
Agogo mwafotokoza bwino, zikomo. Koma ine ndinene zoona, sitima ndinaisiya mu 2019 ndipo sindinabwererenso. Amene munabwera posachedwa simukudziwa mmene zinalili. Mu Novembala chaka chimenecho Central Line yonse inatsekedwa, njanji imene inkanyamula anthu a ku Khayelitsha, Mitchells Plain, Philippi ndi Nyanga. Mwezi womwewo mabogi 18 anapsa usiku umodzi pa siteshoni yaikulu ya Cape Town. Anthu tinkaganiza kuti ndi za masabata awiri. Zinatenga zaka. Ine ndinazolowera takisi, minibasi za kuno zija, ndimalipira zambiri koma ndimadziwa kuti ndifika. Achemwali, ntchito ndiye munda wanu kuno. Musaiseweretse.

Nambewe wa ku Delft
Achimwene, "ndimadziwa kuti ndifika" mwaiwala Ogasiti 2023? Matakisi a bungwe la eni matakisi la SANTACO atanyanyala masiku asanu ndi atatu, anthu anayenda pansi mu msewu waukulu wa N2 usiku kuchokera m'tauni, amayi ndi ana kumsana. Anthu asanu anafa sabata imeneyo. Ine ndinagona pansi m'khitchini ya kuntchito masiku atatu. Kuno palibe chimene mungati ichi chokha ndiye chodalirika.

Chimwene Wa Ku Mangochi
Sindinaiwale, inenso ndinayenda nawo. Koma masiku asanu ndi atatu si zaka zisanu.

Bambo a Yamikani (Parow)
Ndikufuna ndionjezere pa zimene anena achimwene a ku Mangochi, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti akuba anangodzuka tsiku limodzi n'kumaliza njanji. Vuto linayambira pamwamba. Mu 2015 Thuli Madonsela, ali Public Protector, mkulu wofufuza madandaulo okhudza boma, anatulutsa lipoti lotchedwa Derailed lofotokoza mmene makontrakiti a PRASA, bungwe la boma loyendetsa sitima zonyamula anthu, ankaperekedwera mosatsata malamulo. Nthawi yomweyo ndi imene kunamveka za mitu ya sitima ya Afro 4000 yochokera ku Spain, ya kontrakiti ya R3.5 biliyoni, imene inapezeka kuti ndi yaitali kuposa muyezo wa njanji za kuno. Khoti linathetsa kontrakitiyo mu 2017. Chakumapeto kwa 2019 makontrakiti a makampani a alonda anathetsedwa, kenako mu Malichi 2020 kunabwera kutsekeredwa m'nyumba kwa Covid, sitima zonse zinaima. Njanji yopanda sitima, yopanda mlonda, mawaya a pamwamba opanda magetsi. Anthu anasasula chilichonse: mawaya, zitseko, mazenera, malata, mpaka njerwa za masiteshoni ena ku Gauteng.

Chiwerengero chimodzi chokha chimandisowetsa tulo. Cha m'ma 2009 Metrorail, nthambi ya PRASA yoyendetsa sitima timakwerazi, inkanyamula maulendo oposa 600 miliyoni pachaka m'dziko lonse. Mu 2021/22 sanafike ngakhale 20 miliyoni. Anthu onsewo sanasiye kupita kuntchito. Anangoyamba kulipira kawiri kapena katatu kuchokera m'thumba lomwelo. Ndi umphawi umene unalowa m'nyumba za anthu popanda wina kuulengeza.

Mphwanga Tiyamike
Ndiye bwanji samangidwa akubawo? Aliyense amadziwa kuti mkuwa umathera kwa ogula zitsulo zakutha.

Bambo a Yamikani (Parow)
Lamulo lilipo mphwanga. Kuyambira 2016 munthu woononga zinthu zofunika ngati njanji ndi nthambo zamagetsi akhoza kulandira zaka mpaka 30. Mu Novembala 2022 boma linaletsanso kwa miyezi isanu ndi umodzi kutumiza kunja mkuwa wakutha. Koma amene amagwidwa kawirikawiri ndi mnyamata wa sowo m'manja, osati amene ali ndi sikelo ndi lole.

Chimwene Wa Ku Mangochi
Ndipo tisabise, china chimene chinachedwetsa Central Line ndi anthu amene anakamanga mikhukhu pamwamba penipeni pa njanji ku Langa ndi ku Philippi. Munthu wamutu angamange nyumba pa njanji? Anthu masauzande amavutika ndi matakisi chifukwa cha iwo.

Anaphiri a ku Philippi
Achimwene, apa mwandiponda pachilonda, ndiye ndiyankha ngakhale sindilemba kawirikawiri pagulu pano.

Ine ndinali mmodzi wa anthu amenewo. Mu 2020 amuna anga ankagwira ntchito ya m'dimba, ine ndinkachapa. Covid itabwera tonse tinauzidwa kuti tikhale kunyumba, malipiro palibe. Tinkakhala kuseri kwa nyumba ya munthu, ndipo miyezi iwiri itadutsa osalipira lendi tinapeza katundu wathu panja, kunja kukugwa mvula ya Juni. Ndinali ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri. Kumudzi sitikanapita, malire anali otseka. Malo okhawo amene panalibe wotithamangitsa anali m'mbali mwa njanji, pomwe udzu unali utamera kale pakati pa zitsulo chifukwa sitima inali itasiya kudutsa ife tisanafike. Mvetsani bwino pamenepa: sitinaimitse sitima ndife. Tinapeza itaima.

Sindikunena kuti zinali bwino. Kunalibe chimbudzi, madzi tinkatunga kutali, usiku tinkagona ndi mantha a moto. Ndipo ndinkadziwa kuti tsiku lina sitima idzafuna njira yake, inenso ndinkaifuna sitimayo. Pamene anthu ankasunthidwa m'ntchito imene ankaitcha Operation Bhekela, ena kupita ku malo a ku Stock Road, ife tinali titapeza kale kachipinda kena. Koma anansi anga a nthawi imeneyo, Axhosa, Azimbabwe ndi Amalawi anzathu, sanali anthu opanda mutu. Anali anthu opanda kolowera.

Chimwene Wa Ku Mangochi
Anaphiri, ndalankhula mopupuluma. Ndikhululukireni. Sindinkadziwa kuti munadutsa m'zimenezi. Maganizo anga akadali akuti pa njanji sipoyenera kukhala munthu, koma mawu ndinagwiritsa aja ndi olakwika.

Anaphiri a ku Philippi
Zatha achimwene. Pa mfundo yanuyo tikugwirizana. Mwana wanga amene ndinkamubereka uja tsopano amathamanga, ndipo ndikaganiza kuti akanamasewera pamene sitima ikudutsa, thupi limachita tsembwe.

Agogo a ku Limbe
Zikomo nonse awiri. Poti tanena za ana, ndibwereze za kutsika sitima ikaima pakati pa njira, chifukwa ndi zimene zimapha anthu. Mawaya a pamwamba aja amanyamula mavoti 3,000. Waya ukaduka n'kugwera pansi kapena padenga la bogi, simungadziwe ndi maso ngati uli ndi moto. Chachiwiri, sitima yanu ikaima sizitanthauza kuti njanji ya pambali yaimanso. Sitima yamagetsi ilibe phokoso ngati ya dizilo tinazolowera ku Balaka ija, mumaimva itafika kale. Chachitatu, kuchokera pakhomo la bogi kufika pamiyala ndi patali kuposa mmene mumaonera. Khalani m'kati mpaka ogwira ntchito akuuzeni chochita.

Mlongo wa ku Masiphumelele
Ife a kumwera kuno tili ndi vuto lina limene mukamva mukhoza kudabwa: mchenga. Ndimagwira ntchito ku Simon's Town. Kuchokera pa Muizenberg njanji imadutsa m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, St James, Kalk Bay, Fish Hoek, kenako Glencairn. Nyengo yotentha mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikaomba masiku angapo, mchenga wa kugombe umakwirira njanji cha ku Glencairn, zitsulo osaoneka n'komwe. Sitima imathera pa Fish Hoek, ife n'kufunafuna takisi. Ndawaonapo abambo akufosholo tsiku lonse, mawa lake mphepo yabwezeretsa wonse. Nyanja ikakalipa mafunde amafika pa njanji cha ku Kalk Bay, madzi kuwaza mazenera.

Koma ndikuuzeni, m'mawa kukacha bwino, dzuwa likutuluka pa False Bay, ndimakhala pazenera n'kuona ngati ndili pa Nkhata Bay. Ulendo umenewo ndi nthawi yokhayo patsiku imene palibe amene akundituma.

Mphwanga Tiyamike
Ine ndinafika kuno mu 2022, ndiye sitima zakale zachikasu ndi zotuwa zija ndinangokwerako kangapo. Zatsopano zabuluuzi ndi zabwino kwambiri, zoyera, zowala, mumayenda kuchoka bogi ina kupita ina.

Bambo a Yamikani (Parow)
Zimenezo amazitcha Isitimela Sabantu, sitima ya anthu. Amazipanga a Gibela ku Dunnottar kufupi ndi Nigel, ku Gauteng, ndipo mgwirizano wake ndi wa sitima 600, iliyonse ya mabogi asanu ndi limodzi. Chimene ndimakondera kwambiri ndi zitseko. Zakale zija anthu ankazipanikiza ndi phazi, sitima n'kumathamanga khomo lili pululu, anyamata atalendewera panja, ena padenga. Tsotsi amatha kukulanda foni n'kudumpha sitima ikunyamuka. Zatsopanozi sizinyamuka chitseko chisanatseke.

Koma pamenepo pali phunziro kwa ife okwera. Munthu mmodzi akagwira chitseko kudikira mnzake amene akuthamanga pamasitepe, waimitsa anthu onse. Sabata yatha ndinaona tikutaya mphindi zingapo pa siteshoni imodzi chifukwa cha chikwama chimene chinapanika pakhomo. Si kuchedwa konse kumene kumachokera kwa akuba.

Nambewe wa ku Delft
Chimene ndimasowa cha sitima zakale ndi bogi ya mapemphero. Amene munkakwera ya m'mawa yochokera ku Khayelitsha mukukumbuka. Bogi yonse nyimbo, ena akuomba khoma ngati ng'oma, mlaliki ataima pakati. Chixhosa changa ndinaphunzirira mmenemo. Tsiku lina tinaima nthawi yaitali kunja kukutentha, mayi wina woyembekezera anakomoka. Amayi a m'bogimo anamugoneka pampando, wina anatulutsa madzi, wina akumukupiza ndi nyuzipepala, nyimbo osaleka. Palibe anafunsa kuti ndi wa dziko liti. Ndinali ndisanathe chaka kuno, ndipo tsiku limenelo ndi limene mantha anga ndi anthu a kuno anayamba kuchepa.

Mai a Chisomo (Gugulethu)
Ndawerenga zonse, zikomo. Agogo, mwandithandiza, m'mawa muja ndimamutukwana dalaivala mumtima. Anaphiri, nkhani yanu yandigwetsa misozi. Koma funso langa likadali pomwepo. Ndiwauze chiyani abwana?

Bambo a Yamikani (Parow)
Achemwali, choyamba, tsiku lotere mukatsika pitani pa ofesi ya matikiti mukapemphe kalata yotsimikiza kuti sitima inachedwa. Ine ndinapatsidwapo ndipo inandithandiza. Chachiwiri, sitima ikangoima tumizani uthenga nthawi yomweyo, ndi chithunzi cha pazenera, musadikire kuti mukafotokoze mutafika. Mabwana ambiri a ku Claremont sanakwerepo sitima, amaganiza kuti ndi chonamizira. Chachitatu, antchito apakhomo kuno ali ndi malamulo owateteza, ndipo munthu akachotsedwa ntchito mopanda chilungamo amatha kukadandaula ku CCMA, bungwe loona mikangano ya pantchito. Sindikuti mukawaopseze, koma mudziwe kuti simuli pa chisomo chawo chokha.

Nambewe wa ku Delft
Ndipo muwapemphe kuti tsiku lochedwa muzibweza maolawo madzulo kapena Loweruka m'malo mokudulani. Anga anavomera nditawaonetsa kusiyana kwa mtengo wa takisi ndi wa sitima papepala. Anadabwa, sankadziwa kuti matakisi awiri kupita, awiri kubwerera ankandidyera gawo lalikulu chotero la malipiro.

Chimwene Wa Ku Mangochi
Ine ndinenabe kuti musaike mazira onse... ayi, ndinene za kwathu: mbewa ya dzenje limodzi sichedwa kugwidwa. Ngati mwasankha sitima, muzikhala ndi ndalama ya takisi ya masiku awiri yomanga pansalu, yosakhudza ngakhale mchere utatha. Ndipo kumbukirani kuti mitengo ya sitima inakwera mu Ogasiti 2025, koyamba patatha zaka khumi. Muwerengenso bwino musanagule.

Mai a Chisomo (Gugulethu)
Ndawerengera achimwene, ngakhale itakwera, sitima ikadali pansi kwambiri. Za ndalama yomanga pansalu ndazimva, ndichita.

Agogo a ku Limbe
Mwana wa ku Mangochi, ndikupempha ukakwereko kamodzi tsiku lopuma, ukaone wekha. Sitima zinafikanso pa siteshoni ya Chris Hani ku Khayelitsha mu 2025, patatha zaka zoposa zisanu. Ndinapita dala kukaona, ndinaima papulatifomu ngati mwana.

Ndili ndi chifukwa changa. Kwathu madzi atakokolola njanji pa Chiromo mu 1997, tinkati akonza chaka chamawa. Anthu a ku Nsanje amene ankatumiza katundu wawo ku Limbe pa sitima anadikira mpaka ana awo anakula osaiona. Njanji ikangokhala osadutsapo sitima, imadyedwa ndi udzu, madzi ndi akuba, ndipo anthu amaiwala kuti inalipo. Ya kuno ndi ya kwathu ndi za muyezo umodzi, mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo, ndiye ndikaponda pano ndimamva ngati ndili pa Limbe. Iyi yadzuka ndikuona ndi maso anga, ndipo ndikufuna ikhale yodzaza anthu, chifukwa njanji imene pakudutsa sitima mphindi zochepa zilizonse wakuba amaiopa.

Chimwene Wa Ku Mangochi
Ndamva agogo. Lamlungu likudzali ndikatuluka ku tchalitchi ndikayesa, ngati ikuyenda tsiku limenelo. Koma za Lolemba sindikulonjeza.

Anaphiri a ku Philippi
Ndili ndi ganizo. Amuna anga amanyamuka m'bandakucha, amakwera yoyambirira. Akhoza kumalemba pano ngati yanyamuka bwino kapena ngati alengeza za vuto. Amene muli kutsogolo, Langa, Pinelands, Salt River, muzionjezera. Munthu akadziwa 5 koloko ali kunyumba, akhoza kuthamangira takisi kapena basi ya Golden Arrow nthawi ilipo, osati kudziwira m'bogi chitseko chitatseka.

Mlongo wa ku Masiphumelele
Ine ndizinena za kumwera, makamaka masiku a mphepo.

Mphwanga Tiyamike
Salt River ndi ine, ndimafikapo 6 isanakwane. Koma chonde m'mawa tizilemba za sitima zokha, mavidiyo ndi moni wa maluwa zizidikira masana, chifukwa ena bandulo ndi yochepa.

Mai a Chisomo (Gugulethu)
Chabwino. Mwezi uno ndigula ya sabata kaye, ndione mmene ziyendere. Mawa ndilankhula ndi mayiwo akamamwa tiyi, ana atapita, ndiwaonetse papepala monga mwanenera a Nambewe. Anaphiri, auzeni abambo kuti ndikhala ndikuyang'ana foni kuyambira 5 koloko.

Anaphiri a ku Philippi
Ndawauza, avomera. Akuti mawa alemba akangofika papulatifomu.